Madzi a m'manja mwa Alasdair Wofiira

Lolemba, 9 Juni

Zoyamba kuthana nazo: kuyeza chinyezi cha mwala, kujambula mng'alu wa pachifuwa cha chosemachi, kulembera a Drummond a ku komiti yosamala zakale ngati manda a Alasdair atchingidwe ndi galasi kapena ayi. Lipoti likufunika Lachisanu. Ndayeza katatu, manambala akusiyana. Kaya ndi makina, kaya ndine.

Lachiwiri, 10 Juni

Alasdair Wofiira. Anatentha mudzi uno wa Kilbrannoch, ndi tchalitchi chomwe, anthu ali m'kati, chifukwa bishopu anamudzudzula. Lero wagona m'tchalitchi chomwe anamanganso pamalopo, wosemedwa pamwala, zovala zankhondo mpaka kuphazi, manja atagwirana ngati akupemphera. Kutalika kwake! Ndimayenda monyang'ama ngati angadzuke.

Pakati pa manjawo pali kadzenje kosalala, kuya kwake mamilimita 11. Si ntchito ya wosema.

Lachitatu, 11 Juni

Mayi Ishbel, osunga makiyi, andibweretsera tiyi. Ndawafunsa za kadzenje.

"Mwanawe, sukulu yonseyo, makina onsewa, osazindikira madzi?"

Akuti pa 14 Juni chaka chilichonse, banja lililonse limathira kapu ya madzi a mumtsinje m'manjamo. "Kumuzimitsira moto. Akupsatu komwe aliko, galu ameneyu."

Ndati ndiye kuti munamukhululukira?

"Ndani? Ayi ndithu! Koma ife sitionerera munthu akupsa."

Tiyi wazizira ndili chiimire.

Lachinayi, 12 Juni

Madziwo ndi amene akung'amba mwala. Palibe chokayikitsa, ndabwerezanso kuyeza. Galasi lingaupulumutse, koma mwambo uthera pomwepo.

Zaka mazana asanu ndi limodzi, kapu ndi kapu, zidzukulu za anthu amene anawatentha. Ndaika chala m'kadzenjemo, chinthu chomwe ndimaletsa ena. Mozizira, mosalala ngati m'kati mwa supuni.

Ndalemba "atchingidwe" n'kufufuta kanayi.

Lachisanu, 13 Juni

Lipoti ndatumiza 9 koloko. Sindinabise kanthu: mng'alu, chinyezi, ndiponso kuti manjawo mwina sadzafika zaka zana zina. Pamapeto ndalemba kuti galasi lisaikidwe. Zaka khumi ndi zisanu ndili pantchito, sindinalembepo chotere. Akhoza kundilanda ntchitoyi.

Mayi Ishbel andisiyira kapu yachitsulo pabenchi. "Bola usayeze madziwo, dokotala wa miyala iwe."

Komiti inalamula kuti tchalitchi chisatsegulidwe isanavomereze lipoti; ikapanda kutero, chitseko mawa, tsiku la madzi, chikhala chokhoma, ndipo wouzidwa kukhomayo ndine, osati Mayi Ishbel. Foni ndayiika pafupi ndi kapu. A Drummond, chonde, yankhani lero.