Maria wa Abambo Wapezeka ku Portugal

Bangwe, Limbe

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kwa ife tonse. Kuno tili bwino, kupatula amayi amene miyendo ikuwavutabe.

Kabuku ka zithunzi za m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda wanuwo kanafika, ngakhale envulopu inali yotsegulidwa kale, monga mwa masiku ano. Lamulungu titachoka ku tchalitchi tinakhala pakhonde n'kumaona. Amayi ankangoseka ziboliboli zamiyala zosavala zija. Nditatsegula tsamba lina anakuwa, "Mayo ine! Uyu ndi Maria wa abambo ako!"

Achimwene, ndinachiyang'anitsitsa chithunzicho. Ndi chiboliboli cha mtengo wa phingo, Maria Woyera atabereka mwana kumbuyo. Amayi analoza khutu lakumanzere lobenthuka. Akuti abambo anachisema ku Mutarara inu musanabadwe, ndipo khutulo analibenthula ndi amayiwo posesa. Mzungu wina wa Chipwitikizi, mwini sitolo kumeneko, anachibwereka, n'kudzanena kuti chinamira mu Zambezi. Abambo anamwalira akuchidandaulabe.

Aphunzitsi oyandikana nafe, amene amadziwa Chipwitikizi, anatiwerengera mawu a pansi pake. Akuti wosema sadziwika. Amayi anati, "Sadziwika bwanji, ine mkazi wake ndili moyo?" Kuyambira tsikulo sakudya bwino.

Chonde pitani mukachione ndi maso anu, mutilembere msanga. Amayi akuti chikhale konko, alibe nacho mawu. Chimene akupempha n'chakuti mukawauze akuluakulu akumeneko dzina la abambo, alilembe pamenepo.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Rozina