Supuni ya Batala mu Shiro ya Emama

Megabit 22, Lolemba

Adya! Emama adya mbale yonse, mpaka kuipukuta ndi injera, mkate wathu wopyapyala uja. Mulungu alemekezeke. Masabata atatu apongozi angawa akungolawa n'kukankha mbale. Manja ngati timitengo. Adokotala anati mankhwala awo safuna m'mimba mopanda kanthu, azidya mazira ndi mkaka. Iwo: "Zaka makumi asanu ndikusala, ndiyambe kunyambita mazira pano manda atayandikira?"

Tsono ndilembe zoona, poti kope ili silinena kwa munthu. Ndinathira batala mu shiro yawo, ndiwo ija ya ufa wa nandolo. Supuni imodzi. Pakati pa kusala kwakukulu, pamene ngakhale mkaka sitiuyang'ana. Ndinachulutsa adyo ndi tsabola kuti fungo libisike. Ine sindinalaweko, yanga ndinaphika padera. Ngati zimenezo zingachepetse tchimo.

Mayi Mariya, mundipempherere. Koma adya.

Megabit 25, Lachinayi

Atuluka okha kukaothera dzuwa, osagwiridwa dzanja. Atangokhala pansi, akuti pabwalo sindinasese bwino. Ndinaseka ndekha kukhitchini. Akayamba kudandaula, moyo wabwerera.

Amuna anga a Getahun aimba foni ali ndi lole yawo kufupi ndi Gondar. Nditawauza kuti mayi awo akudya, anati, "Yeshi, manja ako ndi odala." Ndinatsala pang'ono kuulula. 

Mtsuko wa batala ndaubisa kuseri kwa thumba la ufa. Tinasungira Fasika, Pasaka wathu. Ukutsika.

Megabit 28, Lamulungu

Ndapulumuka pang'onong'ono. Mlamu wanga Birtukan, mwana wamkazi wa Emama, anadzera kuno pochokera kutchalitchi, ndipo monga mwa nthawi zonse, molunjika kumiphika. Anavundukula, kununkhiza, kundiyang'ana. "Mlamu, shiro yakoyi ikunyezimira ngati mphumi ya mkwatibwi. Mafuta ake ogula kuti?" Ndinati ndi atsopano. Bodza lachiwiri, Lamulungu lenileni.

Anatenga supuni kuti alawe.  Emama ali chigonere pamphasa: "Vundikira mphika wa eni, iwe. Kwanu miphika inatha?" Birtukan anaika supuni pansi, ananyanyala mpaka khofi.

Akanalawa, tawuni yonse ya Debre Markos ikanamva dzuwa lisanalowe. Ndipo Emama sakanadyanso cha m'manja mwanga.

M'mawa ndinaima kunja kwa mpanda wa tchalitchi. Kulowa, ayi, sindinathe.

Megabit 30, Lachiwiri

Ndinati ndileke. Ndaphika ndi mafuta wamba. Aluma kawiri, akankha mbale, andiyang'ana nthawi yaitali. Mankhwala a madzulo anawabweza.

Miyazya 1, Lachitatu

Ndathiranso. Mbale mbee.

Ndine munthu wotani ine? Kusukulu ndinkaloweza malamulo onse a kusala kuposa anzanga.

Miyazya 3, Lachisanu

Kwa wansembe wathu, Aba Tekle. Ndinayenera kupita lero, chifukwa Hosana, Lamulungu la kanjedza, ikadutsa, sabata ya masautso ansembe samasula munthu machimo. Ndinanena zonse: supuni, adyo, bodza la kwa Birtukan, ngakhale chimwemwe chimene ndimamva mbale ikabwerera yopanda kanthu.

Sanakalipe. Ankangosisita ndevu, ndipo ndikulumbira, pakamwa pawo pankagwedera ngati munthu wobisa chiseko. Anati odwala mpingo suwakakamiza kusala. "Batala si tchimo lako, mwana wanga. Tchimo lako ndi kudyetsa munthu wamkulu ngati khanda. Ukawauze Fasika isanafike."

Ndinabwerera ndikupepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Mpaka pageti. Pamenepo ndinakumbukira kuti kuwauzako ndi ine.

Miyazya 10, Lachisanu Loyera

Sabata yathunthu. Tsiku lililonse ndimatsegula pakamwa, chotuluka n'chakuti, "Ndikuwonjezereni madzi, Emama?"

Ndimaona m'maganizo nkhope ya Emama akadzamva. Zaka makumi asanu osaphonya ngakhale tsiku limodzi, ine n'kuziwononga ndi supuni. Akakananso kudya? Tsopano masaya ayamba kubwerera. Dzulo anandilanda lichero, ati sindidziwa kupeta.

Tsiku lonse kutchalitchi, kugwada n'kugunditsa mphumi pansi. Madzulo Aba akutigunda pamsana ndi kanthambi ka azitona, aliyense kumupatsa chiwerengero chake cha kugwada. Atafika pa ine, motsitsa mawu: "Wanena?" Ndinapukusa mutu. Makumi anayi owonjezera. Mawondo sakupindika.

Mawa. Palibenso tsiku lina.

Miyazya 11, Loweruka

Ndanena!

Masana, tikusenda anyezi wa nkhuku ya mawa, beseni lodzaza. Ndinasankha nthawi imeneyo dala, kuti misozi ikhale ndi chifukwa china. Ndinagwada, mpeni uli m'manja, ndinati Emama ndakuchimwirani, masabata atatu mwakhala mukudya batala.

Sanasiye kudula. Anangoti, "Batala ameneyo anasungunula ndani? Si ine? Zokometsera zake anasinja ndani? Ndingaiwale fungo la manja anga?"

Anadziwa pa kuluma koyamba. Lolemba lija.

Ndinafunsa chifukwa chake sananene. Pamenepo mpeni unaima. "Ndinkaopa kuti ndikanena, usiya."

Ati anali ndi njala, njala yeniyeni, ndipo kufa sankafuna. Koma atakalipira adokotala pamaso pa ana awo, akanapempha bwanji dzira? Ati anaitanitsa Aba Tekle tsiku limene ndinapita kumsika, n'kulapa okha, ndisanapite ine. Ndiye chiseko chija! Aba anatimva tonse awiri, aliyense ndi supuni yomweyo.

Ndipo Birtukan, anamuthamangitsa pamphika dala. Ndipo Lachiwiri lija, pondiyang'ana, ati ankafuna kundigenda ndi mbale.

Tinalira, tinaseka, anyezi naye osatileka. Anandigwira mutu n'kundipsompsona pamphumi, ngakhale sabata ya masautso ino mwambo sutilola kupsompsonana. Zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba muno, koyamba. Kenako: "Koma adyo uja, mwananga, ayi. Unkafuna kundichiritsa kapena kundipha?"

A Getahun afika, apha nkhuku, sakudziwa chilichonse. Akudabwa chifukwa chake maso athu ali psuu. Emama awauza kuti anyezi wa chaka chino ndi waukali.

Batala watsala wochepa, sakwanira nkhuku ya Fasika. Ati ndikapemphe kwa Birtukan. Akafunsa kuti wathu wapita kuti, ndikanene kuti afunse mayi ake.

Ambuye, zikomo. Ndilibe mawu ena.

Emama akundiitana. Ati lero andionetsa kudula nkhuku magawo khumi ndi awiri monga anawaphunzitsira mayi awo, osati zija ndimachita ine ngati ndikuwaza nkhuni. Sanalolepo munthu kuima pambali pawo akamadula. Ndisambe m'manja, kope ili likununkha anyezi.