Chigayo cha Amayi Musachigulitse

Germiston, ku Joni
Mwezi wa Ogasiti

Okondedwa achimwene Kenneth,

Landirani moni wanga ndi wa alamu anu a Brighton. Kodi muli bwanji kumeneko kwa Mposa, inu ndi akazi anu ndi ana? Nanga amayi akudzuka bwanji, miyendo ija inasiya kutupa? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Chifukwa chake mukuchidziwa nokha. Pa foni mumandidula pakamwa ndisanamalize, ndipo nkhani ikayamba kukuthinani mumati netiweki yavuta. Pepala simungalidule pakamwa. Ndapatsira a Sitima, aja amanyamula katundu wa anthu pa basi, pamodzi ndi juzi ya amayi ndi nsapato za ana.

Kuno chisanu chayamba kutha. Chinatikhaulitsa chaka chino, moti zovala za mwana zimatha tsiku lonse pachingwe osauma. Tamara wayamba kukwawa ndipo mano awiri atuluka. Chilichonse chimene wapeza pansi chimapita kukamwa, dzana ndinamulanda kiyi wa nyumba. Ntchito yanga yosamalira agogo achizungu aja ikuyenda bwino. Amaiwala dzina langa tsiku ndi tsiku, koma sandizunza ndipo amandilola kupita ndi mwana. A Brighton akadali pa lole yawo yoperekera katundu m'masitolo. Chovuta ndi eninyumba okha, amene akuti mwana akulira kwambiri usiku, ngati iwo anabadwa akuseka.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Alamu anga, akazi anuwo, anandiuza kuti amalume a kwa Kawinga anabwera, munakhala pansi, ndipo munagwirizana zoti galimoto tinakupatsani ija igulitsidwe mugule njinga yamoto yatsopano. Akuti amalume ananena kuti galimoto ya dizilo si ya pabanja, ndi ya anthu a malole ndi a zigayo, ndipo ikafuna kufa siichenjeza. Musawakalipire alamu, ndine ndinawakakamiza kuti andiuze.

Ndikudziwa kuti tsiku lija linakupwetekani mtima. Munanyamuka m'mamawa ndi amayi kupita ku chipatala cha ku Zomba kuti akawachotse ng'ala m'maso, galimoto n'kuzima chakufupi ndi Songani. Munafika anzawo atalowa kale, amayi n'kubwerera osathandizidwa. Inenso ndinalira nditamva. Koma achimwene, tiyeni tinene zoona, galimoto sinalakwe. Inatha mafuta.

Inu mwayendetsa njinga ya kabaza zaka zambiri, ndipo palibe amakuposani pa njira za kwathu kuja. Koma njinga inakuphunzitsani kumwetsa pang'onopang'ono, botolo limodzi pano, lina kutsogolo. Ikazima mumaipendeketsa, kuuzira m'thanki, n'kuyenda. Ndamva kuti pa Songani paja munathiramo chigubu cha dizilo, itakana kulira munaitana anyamata kuti aigwedeze ngati njinga. Atatopa kugwedeza anayamba kukankha, uku amayi ali m'katimo akuimba nyimbo za Mvano. Pepani, pamenepa ndinaseka misozi ili m'maso. A Brighton anachita kugwira m'mimba.

A Brighton akuti ndikufotokozereni motere. Injini ya dizilo mafuta akatheratu imakoka mpweya, ndipo mpweyawo ukakhala m'mapaipi, ngakhale mudzaze thanki siilira. Kukankha sikuthandiza. Mukatsegula boneti, pamwamba pa sefa ya mafuta pali kapampu kakang'ono kodina ndi dzanja. Mumadina mpaka kalimbe, kenako n'kuliza. Ndi chimene anachita a Ahmed, aja amanyamula nsomba, atakupezani pamsewu dzuwa litakwera. Sanasinthe kanthu, sanamange kanthu, inangolira n'kukufikitsani ku Zomba n'kukubwezaninso kumudzi. Galimoto yakufa ikanatero?

Ine za injini sindizidziwa, koma galimoto imeneyo ndimaidziwa. Ndi imene inandithamangitsira ku chipatala tsiku limene Tamara amabadwa. Chisanu cha kuno, pamene magalimoto a anzathu amachita kukankhidwa m'mawa, iyo inkangofuna kudikira kuti kanyali kofiirira kaja kamayaka ukapotoza kiyi kazime, n'kulira kamodzi. Chaka chatha a Brighton anaiyendetsa kuchoka kuno, kudutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka pakhomo panu, itadzaza malata ndi matumba, osadwala panjira ngakhale kamodzi. Inunso munandiuza nokha dzinja lapitali kuti matope a kudambo kuja, kumene timagalimoto ta petulo timatitimira, iyo inangodutsa ikung'ung'udza. Munanenanso kuti dizilo wake amakhalitsa kuposa mmene mumaganizira. Mwina kukhalitsako ndi kumene kunakupusitsani.

Zofuna zake ndi zochepa. Kamuvi ka mafuta kasamatsike kufika pansi, kakangodutsa pakati yambani kuganiza zomwetsa. Oyilo azisinthidwa nthawi yake. Ndipo chonde dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu muzimupewa, poti ena amathiramo palafini kapena madzi, ndipo zimenezo ndiye zimaphadi injini. Ndikudziwa kuti mafuta amasowa, mizere yake ndimaiona pa foni ndipo sindikunena ngati sindikudziwa mavuto a kumudzi. Koma walira mvula walira matope. Tinkalira galimoto pakhomo, tiyeni tilole ndi mizere yomwe.

Amalume ndimawalemekeza ndipo mawu awo sindingawaponde. Koma muwafunse mwaulemu kuti amayi adzakhala bwanji pa njinga kuchoka kwa Mposa mpaka ku Zomba, ndi chiuno chawo chija, osaona ngakhale pogwira. Nanga pobwerera, diso lili lomata, fumbi la Okutobala lili tolotolo? Amalumewo, pamene amapita ku maliro ku Rivirivi mwezi wa Epulo, anakwera chiyani? Ndamva kuti anakhala kutsogolo, mkono uli pawindo, n'kumapatsa moni aliyense kuyambira Liwonde mpaka Balaka. Izi musawauze kuti ndanena ine.

Sabata yatha ndinacheza ndi amayi pa foni ya alamu. Iwo galimotoyi amaitcha chigayo chawo chifukwa cha kulira kwake. Anandiuza kuti chiyambire kuvutika maso, sadziwa amene akubwera pakhomo mpaka munthuyo alankhule. Koma chigayocho amachimva chikadali kuseri kwa sukulu, ndipo amadziwa kuti mwana wawo wabwera bwino. Ananenanso kuti tsiku la ku Songani lija iwo sanadandaule za maso ayi, anadandaula za inu, poti anamva mmene mawu anu amanjenjemerera pouza anyamata kuti akankhenso. Anati ndisakudzudzuleni, ndipo sindikukudzudzulani. Amene mumawanyamula, kuwadikira pa mzere ndi kuwatsogolera ku tchalitchi ndinu. Ine ndimangotumiza majuzi.

Pempho langa ndi limodzi. Galimoto musaigulitse, ndipo tsiku latsopano limene a chipatala anapereka mu Okutobala lisatiphonyenso. Munanena nokha kuti anthu odikira ndi ambiri, ndipo tikaphonyanso mpata wina udzapezeka chaka chamawa. Mafuta akangomveka kuti afika ku Liwonde, pitani mukadzaze thanki mpaka pakamwa, ndalama za mafutawo a Brighton akuti alipira iwo. Mukadzaza muiimike pansi pa mtengo wa mango paja mpaka tsikulo. Wina akabwera kuti mumunyamulire nandolo kapena akwati, muuzeni kuti makiyi ali ndi Gladys ku Joni. Ine anthu kundinena sindiopa, ndili kutali.

Mupezenso mpata mukawaone a Ahmed, akakuonetseni bwinobwino kapampu kaja mudine ndi dzanja lanu. Safunsa anadya phula, achimwene, ndipo a Ahmed ndi munthu wosanyada. Amayi akachira maso, mukaona kuti chigayocho chikukulemerani, tidzakhala pansi tonse pa Khirisimasi ndi amalume omwe, mudzanene maganizo anu ine ndili chete. Ndikulonjeza kuti sindidzakudulani pakamwa.

Pa Khirisimasi tikubweradi, abwana a Brighton avomera tchuthi. Tidzakwera basi, ndiye mudzatichingamire ku Liwonde ndi galimoto yomweyo. Amayi sanamuonepo Tamara. Zithunzi zimene ndimatumiza amangoyendetsa chala pa foni, n'kumafunsa alamu kuti mwanayo wavala chiyani. Tsiku tinacheza pa foni lija anandifunsa kuti kodi wafanana ndi ndani. Ine ndinakana kuwauza, ndinati adzadzionera okha ndi maso awo. Anaseka, n'kunena kuti chabwino, adikira.

Inu nokha ndikuuzeni, koma musaulule. Mwanayu ndi malemu abambo enieni, makutu aja, chipumi chija, ngakhale kakwinyidwe ka nkhope akakwiya. Ndikufuna amayi adzawaonenso abambo pankhope ya mdzukulu wawo, osati kuchita kupapasa ndi manja. Amayi ndinawalonjeza, achimwene, musandisandutse wabodza.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juziyo azivala m'mawa, asaisunge m'sutikesi kudikira Lamulungu. Moni kwa alamu anga ndi ana onse, nsapato zikawathina apatsane. Moni kwa amalume ndi azakhali a kwa Kawinga, kwa amayi aang'ono a ku Rivirivi ndi abale onse a kumeneko, ndiponso kwa a Ahmed, muwathokoze m'malo mwanga. A Brighton akuti moni, ndipo akuti kanyali kaja muzikadikira kazime musanalize. Tamara naye wapereka moni wake, ndi malovu mukuwaona pangodya ya pepalawa.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni mpaka tidzamve chigayo cha amayi chikulira pa depoti ya Liwonde.

Ndine mlongo wanu,
Gladys, make Tamara