Mbale ya phulusa musaitsuke

Bambo a Kanyerere,

Musadzidzimuke mukapeza katani ya pabalaza itapsa. Tikuthamangira kuchipatala, aneba akutulutsa galimoto. Mwana wapsa dzanja lamanja. Akulankhula bwinobwino, koma matuza akewo akundiopsa. Pepani ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba mothamanga.

Gwero lake ndi masewera anu opeka nthano a Loweruka aja. Mukukumbuka mtundu wa anthu umene munapeka uja, zidzukulu za mbalame za moto? Mmodzi akafa m'masewera mumawotcha pepala lake m'mbale, anzanu akuwomba m'manja, kenako mumalemba lina n'kunena kuti wadzuka. Kanyerere ankaonerera zonsezo ife osadziwa. Lero ndili kubafa, watenga chithunzi cha malemu amayi anu pashelefu, wachiika m'mbale yomweyo n'kuchiyatsa. Moto utagwira katani sanathawe. Amatchinga mbaleyo ndi dzanja kuti agogo ake asamwazike.

Machesi onse mubise pamwamba pa kabati, pamodzi ndi madayisi anu oponya pamasewerawo. Anzanu muwauze kuti sabata ino kulibe masewera, mbalame zawozo zikapsere kwawo. Mubwere ndi juzi lake lofiira, mwina atigoneka.

Mbaleyo ili patebulo. Chonde musaitsuke, wandilumbiritsa. Akuti lamulo lanu limati wopsayo amadzuka m'mawa mwake, ndiye akundifunsa ngati agogo adzatipeza kuchipatala kapena adzatidikira kunyumba. Lamulolo munalemba ndinu, bwerani mudzamuyankhe.

Amake