Ekizozi ya Bambo

Lolemba, 12 Meyi

Bambo aimba foni, akubwera Loweruka. Atha miyezi isanu ndi umodzi kwa mlongo wanga akulandira chithandizo cha maso, ndipo galimoto yawo anandisiyira ine. Ponyamuka ananena momveka: ndikaisamala ndi yanga, ndikaiwononga ipita kwa mng'ono wanga.

Ine katswiri wosamala zinthu ndinaiimika kuseri kwa nyumba pa udzu, dzinja lonse. Lero ndagwada kuti ndione ekizozi, paipi yotulutsa utsi ija. Dzimbiri lokhalokha, ngati chitini cha kudzala. Ndachita mantha zenizeni.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndagula sandipepa. Ndayala katoni, kugona chagada, kukhula kuyambira m'mawa. Dzimbiri m'maso, m'mphuno, mpaka m'mano. Mayi a ana adutsa ndi ndowa: "Chikhala kuti mumakhula mapoto chonchi, bwenzi ndili mfumukazi."

Ndangopitiriza kukhula. Munthu wogona pa katoni sapambana mkangano.

Koma paipi yawala! Ndaiyang'ana kasanu.

Lachitatu, 14 Meyi

M'chipinda chosungiramo katundu munali penti wasiliva wotsala popenta geti. Ndati siliva ndi siliva. Ndapaka kawiri, yauma, yakongola moti ndajambula chithunzi n'kutumizira mng'ono wanga kuti chimuwawe.

Kenako ndaliza injini. Mphindi zitatu zokha, utsi tolo! Penti watumphuka matuza n'kuda bii. Aneba anatuluka ndi beseni la madzi akufuula kuti kwapsa. Mng'ono wanga wayankha chithunzi chija: "Zakongola achimwene." Ndikanatha, ndikanachibweza.

Lachinayi, 15 Meyi

Kwa makaniko. Anaseka mpaka kutsamira pa boneti. Akuti ekizozi imatentha, imafuna penti wake wopirira moto, wa m'chitini chopopera. "Bwanji simunafunse, akulu?" Safunsa anadya phula, ine ndadya penti wa geti.

Ndabwerera pa katoni kukachotsa zopsererazo. Ndi mkwiyo ndakhula mwamphamvu, mpaka chala changa lowu, m'kati mwa paipi. Chibowo. Kani dzimbiri lija ndi lomwe limagwira zinthu pamodzi.

Lachisanu, 16 Meyi

Wowotcherera waika chigamba. Ndapopera penti woyenera, katatu, pang'onopang'ono monga makaniko anandiuzira. Ukaima patali sichioneka. Msana wanga watha.

Loweruka, 17 Meyi

Afika masana ndi mlongo wanga. Potsika basi anamugwira paphewa, phazi likufufuza pansi. Palibe anandiuza kuti maso afika pamenepo. Ine sabata yonse kulimbana ndi kuwala kwa chitsulo, kuti aone ndani? Manyazi anandigwira, chisoni chinabwera pambuyo pake.

Asanamwe ndi madzi omwe anati ndiwatengere ku galimoto. Anaisisita chitseko, denga, mpaka kumbuyo. Kenako anagwada movutikira n'kulowetsa dzanja pansi. Zala zinayenda pa paipi n'kuima pa chigamba penipeni.

"Ichi n'chiyani?"

Bodza linali lokonzeka kale pakamwa, loti ndi mwala wa mumsewu. Koma ndinawauza zonse: udzu, sandipepa, penti wa geti, beseni la aneba, chala changa.

"Penti wa geti?" anafunsa.

"Eya, Bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe ndiwe chitsiru. Ndidzutse."

Ndinawadzutsa, ndikudikira kuti atchule dzina la mng'ono wanga. Iwo anazungulira galimoto akuigwiragwira, anadutsa chitseko cha dalaivala osaima, n'kukatsegula cha mbali inayo. Chibadwire changa sindinawaonepo pa mpando umenewo.

Anakhala, n'kuyamba kufufuza lamba.

"Ukudikira chiyani? Liza ndimve chigamba chakocho."