Foni yanu ikulira kwa ine

Ba Kasonde,

Lero Lachitatu, 07:15, bambo wina waimba pa nambala yanu, koma yalira ndi foni yanga. Lamulungu lija batire yanu itatsala pang'ono kutha, munatembenuza kuti onse okuimbirani azigwera kwa ine. Simunachotse. Ndakuimbirani katatu, ikubwerera kwa ine ndemwe, n'chifukwa chake ndalemba.

Bamboyo wati ndi Ba Musonda a ku fakitale ya njerwa ku Chunga, akukufunani Lachisanu 09:00 mukayesedwe pa ntchito ya udalaivala ija. Ine ndimayesa ndi akuba a pafoni. Ndawafunsa kuti, "Ngati ndimwe a fakitale, kalata munatumizira Ba Kasonde ija munalemba tsiku liti?" Adula. Pepani, pakamwa panga mumapadziwa.

Nambala yomwe yaoneka ikuthera 418. Ya pakalata yanu ikuthera 602. Ndapita ku shopu ya kampani ya mafoni ku Matero kukafunsa mochotsera kutembenuzako, ndiponso ngati fakitale ingaimbe ndi nambala ina. Musapatse aliyense nambala ya chitupa chanu. Mukafika pakhomo imbani nambala yothera 602 ija. Ine ndaimba kawiri, sakuyankha.

Inonge