Konkire Yomaliza ya Alamu

Zingwangwa, Blantyre
14 Ogasiti 1996

Okondedwa achemwali a Patience,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Mulanje. Ife kuno tilipo, kungoti chiperoni sichikutipatsa mpata. Khalani pansi musanapitirize kuwerenga.

Ndapeza ntchito yothira silabu ya nyumba ku Machinjiri, ndiye Loweruka ndinapita ku Bangwe kukaona mikisa, makina aja osakanizira simenti, kwa a Ambrosi ogulitsa zitsulo zakale. Ndinaiyendera monga momwe anandiphunzitsira amuna anu, malemu alamu a Yona. Matayala anali otha koma oyenda. Injini inalira nditapukusa kachitatu. Kenako ndinagogoda mgolo wake ndi sipanala, paja alamu ankati mgolo wotsukidwa umalira ngati belu la kutchalitchi. Uwu unangoti di, ngati ndamenya chulu.

"Musadandaule, amwene," anatero a Ambrosi. "Ndi konkire yaumira mkatimo. Mwini wake wakale anali wauve, sankatsuka. Tchizulo tsiku limodzi basi, yayera."

Nditati ndipendeketse mgolowo, dzanja langa linagwera pa pedulo ya njinga yowotcherera m'malo mwa chogwirira. Achemwali, pedulo imeneyo ndinaigwirizira ndine pamene alamu ankawotcherera. Ndi mikisa yawo, ija abale awo anakulandani dothi la pamanda lisanaume.

Mawu oti wauve anandilasa, chifukwa alamu sankaweruka asanazungulitse madzi ndi miyala mumgolomo, ngakhale mvula igwe bwanji. Wauveyo ndine. Tsiku lija anagwa pantchito ku Chilomoni, konkire inali mkati. Ndikuwakweza pagalimoto yopita kuchipatala anandigwira malaya nati, "Howard, ukatsuke mgolo." Ndinavomera, koma sindinabwerereko. Pamaliro munandifunsa mawu awo omaliza, ndinati anatchula inu ndi ana. Ndinanama. Ndinaopa kuti mawu enieniwo akuchepererani, komanso ndinachita manyazi kuti kanthu kamodzi komwe anandituma ndinalephera. Mundikhululukire.

Ndinagula osanenerera, mpaka a Ambrosi anandiyang'ana kawiri. Masiku atatu ndakhala ndikuizungulira, hamala ili m'manja, osamenya. Koma ntchito ikuyamba Lolemba, ndipo ndikaitaya sindidziwa kuti fizi ya ana anu ichokera kuti. Lero m'mawa ndalowetsa mutu mumgolomo n'kuyamba kuswa. Ndalira ngati mwana. Konkire yake ndi yolimba zedi, munthu uja sankaba simenti.

Kamwala kali muenivelopumu ndi kachidutswa kake. Ngati simukafuna, katayeni, ndimvetsa.

Mupereke moni kwa amayi ndi kwa Eliness. Mwana wanu Alinane mumuuze kuti makina a bambo ake abwerera, ndikumusungira mpaka atakula.

Mgolo uja ndatsuka, achemwali. Ukulira ngati belu, koma womva palibe.

Ndine mlongo wanu,
Howard